Za magulu a alembi, ndi chifukwa chake ma like sakutikulitsa

Anthu ambiri amene amandipeza ku inbox pa nkhani zolembalemba funso lawo limakhala limodzimodzi, achimwene kodi kulibe wekishopu ikubwera posachedwapa, mukamva mutiuzeko. Ndimawamvetsa ndithu chifukwa munthu ukamalemba wekhawekha m'kope la sukulu kapena pafoni usiku ena atagona, imafika nthawi yoti umalakalaka wina wodziwa atakuuzako ngati ukulondola kapena wasochera. Ndiye lero ndati ndinene zonse zomwe ndimaganiza pa nkhaniyi, poti yankho la ku inbox limakhala lalifupi ndipo ena amaona ngati ndikuwamana mwayi. Ine ndimakhulupirira kuti wekishopu ya masiku awiri ku hotela siimene imakulitsa mlembi, chomwe chimamukulitsa ndi kagulu ka anthu ochepa amene amakumana sabata ndi sabata, nkumawerengerana zomwe alemba ndi kuuzana zoona maso ndi maso.

Sindikunyoza mawekishopu ayi, ndapitako ndipo zina zomwe ndimatsata mpaka lero ndinazimva komweko. Koma tonse tikudziwa mmene zimayendera kuno kwathu. Bungwe lapeza thandizo, labwereka holo kunyanja kapena ku Mponela, mwaitanidwa gulu, m'mawa mawu otsegulira, tiyi wa 10 koloko, ophunzitsa akuonetsa zinthu pa projekita, masana mwagawidwa m'timagulu kulemba pa flipi tchati, tsiku lomaliza chithunzi, satifiketi, kusainira alawansi ya transipoti, basi aliyense kwawo. Gulu la pa WhatsApp lomwe mwatsegula limatentha sabata imodzi kenako zii. Chimene chimandipweteka ine nchakuti masiku onsewo palibe amene wagwira nkhani yako m'manja nkuiwerenga kuyambira pamutu mpaka mzere womaliza. Umabwerako ukudziwa kuti nkhani imafunika chiyambi chokoka munthu, koma ngati chiyambi cha nkhani yako iweyo chikukoka kapena ayi, palibe wakuuza.

Chomwe chimandilimbitsa mtima pa maganizo amenewa ndi mbiri yathu yomwe. Mu 1970 ku Chancellor College, nthawi imeneyo ikadali ku Chichiri mu Blantyre, ophunzira ndi aphunzitsi angapo anayambitsa gulu la alembi lomwe ena amalitcha Writers Group ena Writers Workshop, ndipo koleji itasamukira ku Zomba mu 1973 gululo linapita nayo. Mayina amene lero timawatchula mwaulemu, a Jack Mapanje, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande, a Steve Chimombo, a Felix Mnthali, a Anthony Nazombe, a Ken Lipenga, anadutsa m'menemo, ena ali ophunzira ena akuphunzitsa, ndipo aphunzitsi ochokera kunja monga a David Kerr analinso momwemo. Kachitidwe kake sikanali kozunguza mutu ayi. Munthu wapereka ndakatulo kapena kankhani kake, zataipidwa pa sitensulo nkupukusidwa pa makina akale aja, mapepala agawidwa, ndiye pofika tsiku lokumana anthu akhala pansi nkuyamba kuzisanthula mzere ndi mzere wolembayo ali pomwepo. Kapepala kawo kotchedwa The Muse ndi kamene kankanyamula zolembazo. Pofika 1971 anali atatulutsa kale kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau.

Tsono musaiwale kuti iyi inali nthawi ya Kamuzu, chipani chimodzi, Censorship Board ilipo kale mwa lamulo la 1968 ndipo buku, sewero, kanema, zonse zinkayenera kudutsa m'manja mwawo. Anthu ophunzira kusonkhana m'chipinda chimodzi nkumakambirana kuti mzere uwu ukutanthauza chiyani sizinali zamasewera, aliyense ankadziwa kuti mwa amene akhala pamenepo wina atha kukhala woti akakanena. Nchifukwa chake alembi a m'badwo umenewo anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, anatenga nthano ndi zikhulupiriro za makolo, bilimankhwe, Napolo uja amati akamadutsa phiri limagumuka madzi nkukokolola midzi, dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, Kaphirintiwa, nkubisa m'menemo zinthu zomwe sakanazitchula poyera. Ngakhale ankabisa choncho ena sanapulumuke. A Chipasula anathawira kunja, a Mnthali anatsekeredwapo, a Mapanje buku lawo la Of Chameleons and Gods lomwe linatuluka ku London mu 1981 linachotsedwa m'mashopu ndi m'malaibulale, ndipo mu September 1987 anagwidwa nkukawasunga ku ndende ya Mikuyu popanda kuwazenga mlandu ku khoti kufikira May 1991.

Ndikamaganiza za anthu amenewa ndimadzifunsa kuti chinkawabweretsanso sabata yotsatira nchiyani, poti alawansi panalibe, bungwe lopereka thandizo panalibe, chomwe chinalipo ndi chiopsezo. Ine ndimaona kuti ankabwerera chifukwa cha owerenga. Anali atapezana anthu oti ukalemba chinthu achiwerenga ndi mtima wonse, nkukuuza kuti apa waonetsera kwambiri ugwidwa, apa wabisa mpaka ifenso anzako sitikumva. Luso ngati limenelo munthu sangalisule ali yekha kuchipinda, limafuna makutu a anthu ena. Ndipo taonani kuti pafupifupi aliyense amene anthu akunja amamudziwa akamati ndakatulo za ku Malawi za zaka zimenezo anakhalako pa mabenchi omwewo.

Ifeyo kuno ku Blantyre tili ndi kagulu kathu, sikanalembetsedwe kulikonse, kalibe akaunti ku banki, kalibe ngakhale tcheyamani. Timakumana Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale, ahedi anatilola bola tizisiya madesiki mmene tawapezera komanso tisamafufute zomwe aphunzitsi asiya pa bolodi. Muli madala ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi, muli mayi wina namwino amene amabwera akakhala kuti sali pa shifiti, muli mnyamata wa kabaza amene amalemba ndakatulo pafoni akamadikira makasitomala pa siteji, atsikana awiri omwe angolemba kumene Fomu 4, ndi ena obwera mwa apo ndi apo. Amene akufuna kuti zake ziwerengedwe amatumiza pa WhatsApp pofika Lachinayi, timasonkherana ya fotokope chifukwa tinaona kuti pafoni munthu amawerenga mothamanga, pomwe akagwira pepala ndi bolopeni amaima, amadula mzere, amalemba funso m'mbali.

Lamulo lathu lalikulu ndi lakuti wolemba sawerenga yekha nkhani yake. Timapatsa munthu wina aiwerenge mokweza mwini wake akumvetsera. Izi zimathandiza modabwitsa, chifukwa mwini nkhani akamawerenga yekha amaikonza ndi mawu ake, pamene pali chiganizo chopunduka amakweza mawu kapena kupumira penapake nkuchidutsitsa bwinobwino, koma mnzako amene sakuidziwa akafika pamenepo amapunthwa, amabwereza, amakwinya nkhope, ndipo iwe umadzimvera wekha kuti apa sipali bwino wina asanatsegule nkomwe pakamwa. Akamaliza kuwerenga, wolemba amakhalabe chete mpaka onse atalankhula. Apa mpamene pamavuta anthu atsopano, amafuna adule mawu kuti ayi ine ndimatanthauza zakutizakuti, ndiye timawauza kuti achimwene dikirani kaye, nkhaniyi ikadzatuluka m'nyuzi simudzakhala pambali pa wowerenga aliyense kumufotokozera, zomwe sizili papepala kulibe. Ndipo mawu oti zili bho kapena mwatha timawakana, ngati chakusangalatsa loza mzere wake unene chifukwa, ngati chakusokoneza lozanso.

Ndipereke chitsanzo chimodzi chomwe sindimachiiwala. Mnyamata wa kabaza uja tsiku lina anayesa nkhani m'malo mwa ndakatulo, inali ya mnzake amene anafa pa ngozi ya njinga yamoto. Inali nkhani yochokera pansi pa mtima, aliyense anamva zimenezo. Koma chapakati anaika mayi a malemu ataimirira pa siwa nkulankhula tsamba lathunthu, za umphawi, za misewu, za achinyamata osowa ntchito, mawu okonzedwa bwino ngati a pa msonkhano. Tonse tinazungulira kuyamikira apa ndi apo, kenako mayi namwino aja anati mwana wanga, ine ndakhala ndikuona azimayi akulandira uthenga umenewu pa khomo la wodi, mayi woferedwa salankhula choncho, amangobwereza chinthu chimodzi, mwina dzina la mwanayo, mwina zoti m'mawa anachoka osadya. Mnyamata uja sanayankhe, anangoweramitsa mutu. Atabweranso nayo, tsamba lonse lija analichotsa, panatsala mayi akufunsa aliyense wolowa m'nyumba ngati jekete la mwana wawo analitola pamsewu paja. M'kalasimo munthu wowerenga uja mawu anamuthera pakhosi. Zimenezo palibe projekita ikanamuphunzitsa, zinafunika munthu amene anaziona ndi maso ndipo anali wokonzeka kumuuza mosapsatira koma mwachikondi.

Kuuzana zoona kumeneku kwa ife Amalawi sikophweka ndipo ndisakunamizeni. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndiponso kuti chinthu cha mnzako umachiyamikira kaye ngakhale chili chopindika. Madala opuma aja atangoyamba kubwera zinkavuta kwambiri, akabweretsa nkhani aliyense ankangoti zikomo abambo taphunzirapo zambiri, pomwe nkhanizo zinkakhala ndi malangizo ochuluka kuposa zochitika, ndime iliyonse kuthera pa phunziro. Anaswa zimenezi ndi mmodzi mwa atsikana aja, anati pepani abambo, ine pa tsamba lachiwiri ndinasiya kumuona Nabanda wa m'nkhaniyi, ndinayamba kumva aphunzitsi akutilangiza. Tonse tinazizidwa. Koma iwo anavula magalasi nkunena kuti mwanawe wanena zoona, zaka zonse ndakhala kutsogolo kwa kalasi ndiye dzanja linazolowera. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amakumbutsa anthu kuti m'chipinda muno ulemu ndi wa kwa munthu, pepala lilibe zaka. Si onse amapirira, ena anabwera kamodzi, nkhani yawo itasanthulidwa sanaonekenso, ndipo zimandiwawa chifukwa ena mwa iwo anali ndi dzanja labwino zedi. Nchifukwa chake munthu watsopano timamupempha ayambe wamvetsera kaye maulendo angapo asanabweretse zake, aone kuti aliyense amadutsa momwemo ndipo palibe akumuda.

Tsono nkhani ya chiyankhulo. Mawekishopu ambiri omwe ndikuwadziwa amachitika m'Chingerezi ndipo zolemba zake zimakhala za Chingerezi, ngakhale gulu la ku Chancellor College lija zambiri zomwe linatchuka nazo ndi za Chingerezi. Palibe cholakwika, nanenso ndimalemba m'ziyankhulo zonse ziwiri. Koma zimandidandaulitsa kuti wolemba m'Chichewa amakhala ngati alibe kopita, pomwe msewu wake ndi wakale kwambiri. A Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, kunabwera a John Gwengwe, a E.J. Chadza, kenako a Willie Zingani, a Jolly Max Ntaba, pa ndakatulo a Benedicto Okomaatani Malunga, anthu amene ambiri tinakumana nawo m'kalasi ya Chichewa ku sekondale. Lero ndakatulo za Chichewa zili moyo kwabasi, pa wailesi, pa maukwati, pa misonkhano, anthu amadzadza holo kukamvera alakatuli. Koma nkhani zazitali ndi zazifupi za Chichewa zoti munthu wamkulu awerenge pofuna kusangalala, osati pokonzekera mayeso a MSCE, nzochepa kwambiri. Ndipo ndakatulo zomwezo, ndinene mosabisa, zambiri zikungothamangira kuseketsa anthu ndi kufananitsa mathero a mizere, munthu akaombeledwa m'manja amaona ngati wafika. Omvera pa holo amakupatsa phokoso, sangakuuze kuti ndime yachitatu inali yongodzazira malo.

Kwathu tinagwirizana kuti chobwera m'Chichewa chizikambidwa m'Chichewa, ndipo pamenepa mpamene timapeza matenda athu enieni. Ambiri tinaphunzira kulemba nkhani kudzera m'mabuku a Chingerezi, ndiye umapeza agogo a kumudzi m'nkhani akulankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi, kapena mwamuna akuuza mkazi wake mawu oti m'nyumba ya Mmalawi sanamvekepo. Zimenezi zikawerengedwa mokweza anthu amangoyang'anana, wina nkufunsa kuti kodi agogo anu amalankhula chonchi. Timakanganansoko za kalembedwe, pomwe mawu alumikizane ndi pomwe apatukane, ndipo madala aja amabwera ndi mtanthauziramawu uja anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba kuti atiweruze. Koma timayesetsa kuti zimenezo zibwere kumapeto, chifukwa ukayamba ndi sipelo nthawi imatha musanafike pa funso lenileni loti nkhaniyi ikugwira mtima kapena ayi. Komanso wa ku Mangochi kapena ku Mzimba akalowetsa mawu a kwawo mkamwa mwa munthu wa m'nkhani sitimuletsa, anthu m'minibasi salankhula Chichewa cha m'buku.

Ena amati nanga zonsezi bwanji osangochitira pa Facebook, poti kumeneko owerenga ndi ambiri. Zoona ndi ambiri, ndipo Facebook yatulutsa alembi omwe pakanapanda iyo sitikanawadziwa, ena akulemba nkhani zamagawomagawo anthu nkumadikira gawo lotsatira ngati sewero la pa wailesi. Koma taonani makomenti ake, moto moto, next plz, mwatipha. Wowerenga wa pa foni akatopa nayo nkhani sakuuza, amangopitirira, ndiye iwe umangomva mawu a okhawo amene asangalala. Nkhani yongolembedwa kumene ili ngati chimanga chongokonola kumene, gaga ndi mphale zikadali pamodzi, imafunika wina aipete, ndipo like sapeta. Komanso ukaiponya pa Facebook lero lomwelo waimaliza, mtima wobwereranso kukaikonza umatha, pomwe kulemba kwenikweni kumachitika ulendo wachiwiri ndi wachitatu.

Malo otumizako zinthu alipo ndithu ngakhale ndi ochepa. Malawi Writers Union ilipo kuyambira 1995 ndipo yakhala ikuchititsa mipikisano ndi kutulutsa mabuku osonkhanitsa nkhani za anthu osiyanasiyana. Ku Lilongwe a Shadreck Chikoti anayambitsa Story Club yomwe inasonkhanitsa alembi ndi okonda zaluso. Nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimakhala ndi masamba a nkhani zazifupi ndi ndakatulo, ndipo za Chichewa kuli Tikambe mu Malawi News ndi Tamvani mu Weekend Nation. A Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, mpikisano wa nkhani zazifupi za alembi a mu Africa, kawiri, mu 2008 ndi 2012, kusonyeza kuti nkhani yolembedwa ndi mwana wa kuno itha kuima ndi za ku Nigeria kapena Kenya. Koma konseko ndi kotumiza chinthu chomwe chapsa kale. Mkonzi wa nyuzi ali ndi mulu wa zolemba pa desiki, sangakulembere kalata yofotokoza chifukwa chomwe nkhani yako sinatuluke, oweruza mpikisano nawo amangolengeza opambana. Ntchito yokuuza pomwe pakuperewera ilibe mwini wina kupatula anzako.

Chinthu china chomwe tinachiphunzira mochedwa ndi cha azimayi. Poyamba tinkakumana madzulo ndipo tinkadabwa kuti bwanji akubwera ndi amuna okhaokha, mpaka achemwali ena anatiuza kuti inu mukaweruka pano mumakapeza nsima patebulo, ife timakayamba kusonkha moto, komanso kuyenda mdima m'makwalalamu si nkhani yofanana kwa inu ndi ife. Tinasintha, timayamba 2 koloko ndipo ikamakwana 5 tatseka, wobwera ndi mwana kumbuyo abwere naye. Atayamba kubwera nkhani zinasinthanso, munalowa za m'banja, za nkhanza, za chinamwali, za kuchipatala cha amayi, zina zoti ukamamva umadziwa kuti sizopeka kwenikweni. Apa tinaika lamulo lina, palibe kufunsa wolemba kuti kodi zinakuchitikirani inuyo, ndipo zowerengedwa m'kalasi muja sizituluka panja mwini wake asanazitulutse yekha. Mapepala a fotokope aja timamubwezera mwini nkhani onse, ndi zomwe anthu alembamo m'mbali, izi zimathandizanso aja amaopa kuti wina awabera nkhani.

Mavuto ena ndi odziwika kale, minibasi ikakwera mtengo anthu amachepa, nyengo ya mvula ena amapita kumudzi kukalima, Loweruka lina kuli ukwati lina kuli maliro. Pali masiku timapezeka atatu okha. Tinapangana kuti ngakhale atatu tiziwerengabe, chifukwa mukangolumpha kawiri motsatizana gulu limafa osadziwa kuti lafa liti.

Ndiye inu amene muli ku Mzuzu, ku Kasungu, ku Balaka, ku Nsanje kapena ku Joni komwe mukugwira ntchito, musadikire kuti wina adzabwere ndi galimoto ya bungwe. Pezani anzanu awiri kapena atatu amene amalemba, onjezanipo mmodzi amene salemba koma amakonda kuwerenga chifukwa ameneyo sachita nsanje ndiponso sanyengerera, pitani kwa ahedi kapena kwa abusa mukapemphe chipinda cha maola atatu. Tsiku limodzi musapyole zolemba zitatu, mukachulukitsa mumangothamanga ndipo womaliza amapita kwawo osamva kanthu. Ngati ya fotokope palibe, wolemba akopere pamanja makope awiri, limodzi la wowerenga mokweza lina lizizungulira, ena amvetsere ndi makutu nkumalemba manotsi m'makope mwawo.